Mutu Waching'alang'ala Sudziwa Kuti Mukusala Kudya

Januwale ndi mwezi wankhanza kwa munthu wodwala mutu waching'alang'ala. Ndalama zinathera pa Khirisimasi, teremu yachiwiri ikutsegulira ndipo fizi ikufunika, ufa watsala wa pansi pa thumba pomwe chimanga cha kumunda chikudikira feteleza wobereketsa. Mwezi womwewo ndi umene mipingo yambiri imalengeza kusala kudya kotsegulira chaka, ina masiku 7, ina 21, ina mpaka 40. Munthu amalowa m'kusalako atasenza kale nkhawa, ndipo kawirikawiri nkhawa zomwezo ndi zimene zimamutuma kuti asale. Ambiri amamaliza bwinobwino. Alamu anga sanamalize bwino, ndipo andilola kufotokoza nkhani yawo bola dzina lawo lisatuluke.

Alamuwa ndi aphunzitsi a kupulayimale, mayi wa ana atatu, chisamba m'banja la kwawo. Ndiye mukudziwa kale kuti foni yawo sipuma. Maliro akagwa kumudzi, mwana wa mng'ono wawo akabwezedwa kusukulu, woyamba kuimbiridwa ndi iwowo. Pamwamba pa zonsezi anali msungichuma wa banki m'khonde ya m'dera lawo. Mukawauza kuti atuleko zina, yankho linali lomwelomwelo: "Alamu, mutu ukakula sulewa nkhonya." Komatu mutu wawo weniweniwo unali ndi vuto kuyambira ali mtsikana. Mayi awo ankadwala chimodzimodzi, ndipo mpaka lero m'mbali mwa maso mwa alamu muli mphini zimene agogo awo anawatema ali Fomu 2, ati kuchotsa mutu waukulu.

Ukamabwera umayamba ndi kuyasamula kosalekeza ndi khosi kuuma. Kenaka m'maso mumayamba kuoneka timizere tong'anima tokhotakhota, mpaka zilembo za pa bolodi kusowa mbali imodzi. Pakadutsa mphindi 20 kapena 30 zong'animazo zimatha, apo ndiye mutu wayamba: mbali imodzi, kuseri kwa diso, kugunda motsatana ndi mtima. Nseru, kusanza, dzuwa kulasa m'maso, fungo la mafuta okazingira kukhala losapiririka. Amalowa m'chipinda, kutseka makatani, kumanga duku mothina, ana n'kuuzidwa kuti akasewerere kutali.

Amenewa ndi matenda a ubongo, ndipo ngofala kuposa momwe timaganizira. Pa dziko lonse munthu mmodzi mwa 7 alionse ali nawo, ndipo akazi amachuluka pafupifupi katatu kuposa amuna. Amayenda m'magazi a banja. Ukayamba popanda mankhwala umatha maola 4 mpaka 72. Ululuwo umadzera mu mtsempha wotchedwa trigeminal, umene umamva zonse za kumaso ndi za zikuto za ubongo. Mtsemphawu ukadzuka umatulutsa kanthu kotchedwa CGRP, ndipo zikutozo zimayamba kumva kuwawa ngakhale pa kugunda kwa magazi kwa masiku onse. Koma nkhani imayamba ululu usanafike. Pakati pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamayang'anira njala, ludzu, tulo ndi mahomoni a nkhawa, ndipo makina ojambula ubongo aonetsa kuti kachigawoka kamayamba kutakataka maola angapo mutu usanayambe kuwawa. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala umafuna kuti lero lifanane ndi dzulo: kudya nthawi yomweyo, kugona nthawi yomweyo, kudzuka nthawi yomweyo. Chimene sugwirizana nacho ndi kusintha kwadzidzidzi, kaya kusinthako nkwabwino kapena koipa.

Mavuto a alamu anayamba mu Disembala, nthawi yogawana ndalama za banki m'khonde. Mamembala ena anali asanabweze ngongole, mmodzi anali atasamuka osatsanzika, ndipo maso onse anali pa msungichuma. Kwa masabata angapo alamu ankagona pakati pa usiku akuwerengetsa m'makope, m'mawa n'kulawirira kukayendera angongole asanapite kusukulu. Chodabwitsa nchakuti nthawi yonseyo mutu unali zii. Tsiku logawana linafika, ndalama zinakwanira, amayi anavina, aliyense anapita kwawo akumwetulira. M'mawa mwake alamu analephera kudzuka. Nditapita kukawaona anandifunsa ali chigonere: "Alamu, mavuto aja atha, ndapuma. Nanga mutuwu ukufunanji?"

Funso limeneli madokotala analifufuza. Mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi Richard Lipton wa ku Montefiore Headache Center ku New York linasindikiza zimene linapeza pa odwala amene ankalemba tsiku ndi tsiku, kwa miyezi itatu, kuchuluka kwa nkhawa zawo ndi nthawi imene mutu wawayamba. Anapeza kuti nkhawa zikatsika mwadzidzidzi, mpata woti mutu uyambe m'maola 6 otsatira umakwera pafupifupi kasanu. Ofufuzawo analoza chala homoni yotchedwa cortisol, imene imachuluka munthu akakhala pa mpanipani ndipo imaphimba ululu. Mpanipani ukatha cortisol amatsika, ululu n'kupeza khomo. Ndiye chifukwa chake aphunzitsi ena amadwala tsiku loyamba la holide, ogwira ntchito m'maofesi Loweruka m'mawa, mayi wa mkwatibwi tsiku lotsatira ukwati. Anthu amati akudzipangitsa kuti athawe kuchapa kapena kutsuka mapoto a pa ukwati. Sakudzipangitsa ayi.

Nkhawa zenizenizo nazo zimadzutsa mutuwu. Dokotala wina wa ku Atlanta, Leslie Kelman, anafunsa odwala oposa 1,200 zimene zimawayambitsira, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Nkhawa zinali pamwamba, zotchulidwa ndi anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse. Kusadya kunatchulidwa ndi 57 pa 100, kusokonekera kwa tulo ndi pafupifupi theka. Mwa akazi, 65 pa 100 anatchula mahomoni, makamaka nthawi ya kumwezi. Werenganinso mndandandawo muli ndi Januwale m'maganizo.

Chaka chatsopano chitalowa, alamu analowa kusala kwa masiku 21 limodzi ndi mpingo wawo: osadya, osamwa kanthu kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu lililonse mapemphero a usiku wonse, masiku atatu omaliza kuphiri. Anali ndi zambiri zoti apempherere, ndipo sindikuwanena. Koma taonani zimene thupi lawo linakumana nazo tsiku loyamba lomwelo. Munthu amene kwa zaka zambiri ankayamba tsiku ndi makapu awiri a tiyi wamasamba wowirira, n'kumwanso wina pa buleki, anasiya kamodzinkamodzi. Munthu woimirira kutsogolo kwa kalasi yodzaza, akulankhula mokweza mpaka masana, anasiya kumwa madzi. Kadzutsa panalibe, nkhomaliro panalibe, ndipo mgonero unkabwera wambiri nthawi imodzi. Pofika tsiku lachiwiri masana timizere tija tinayamba kung'anima pa bolodi.

Zoti kusala kumadzutsa mutu zinayezedwa pakati pa anthu osala chifukwa cha chipembedzo. Mu 1995 madokotala awiri a ku Israel, Mosek ndi Korczyn, anafunsa antchito 370 a pachipatala za tsiku la Yom Kippur, pamene Ayuda amakhala maola pafupifupi 25 osadya ndi osamwa. Mwa amene anasala, 39 pa 100 anamva mutu. Mwa amene sanasale, 7 okha pa 100. Amene anali kale ndi vuto la mutu ndiwo anagwidwa kwambiri, ndipo odandaula ankachuluka maola akamapita. Mu 2010 kafukufuku wina pakati pa Asilamu a mtundu wa Bedouin a ku Negev, onse odwala ching'alang'ala, anapeza kuti m'mwezi wa Ramadan ankadwala masiku oposa 9, pomwe m'mwezi wamba ankadwala masiku osakwana 4. Buku limene madokotala a mutu pa dziko lonse amagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu ya mutu lili ndi malo akeake a mutu wobwera kaamba ka kusala, umene ungayambe munthu akakhala maola 8 kapena kuposa osadya.

Ambiri amafulumira kunena kuti ndi shuga watsika. Nzoona kuti ubongo ndi wadyera: kulemera kwake ndi pafupifupi 2 pa 100 ya thupi lonse koma umadya pafupifupi 20 pa 100 ya mphamvu zake. Komabe munthu wosala amatha kuyezedwa shuga n'kupezeka ali bwino pomwe mutu ukung'amba. Kusala kumabwera ndi anzake. Pali kuchepa kwa madzi m'thupi. Pali kusiya tiyi kapena khofi, popeza munthu wozolowera kafeini akamusiya mwadzidzidzi mutu umamuyamba mkati mwa tsiku limodzi, ndipo umatha kumuvuta kwa sabata. Pali tulo tosokonekera, kaya chifukwa cha mapemphero a usiku kapena kudzukira daku, chakudya cha m'bandakucha. Pali nkhawa imene munthuyo analowa nayo. Zili ngati njinga ya wogulitsa makala: thumba limodzi imayenda, awiri imayenda, atatu imalira koma imafika, ndipo lachinayi likathyola masipoko, mwini wake amatukwana thumba lachinayilo ngati kuti ena aja sanali kulemera. Ndiye chifukwa chake munthu yemweyo amatha kudumpha nkhomaliro tsiku lina osamva kanthu, tsiku lina n'kugona nazo masiku awiri.

Apa ndi pamene nkhani ya alamu inakhotera. Anauza mnzawo wa m'gulu la mapemphero kuti mutu wawavuta ndipo akuganiza zosiya. Mnzawoyo, mayi wabwino ndithu, wowakonda, anawagwira dzanja nati, "Mayi, musagonje. Mukaona chonchi ndiye kuti yankho lanu layandikira, mdani wanjenjemera. Onjezerani moto." Alamu anabwerera kunyumba atalimba mtima. Kuyambira pamenepo mutu ukawawa ankauona ngati umboni woti pemphero likugwira ntchito, ndipo ukawawitsa ankachedwetsa dala kumasula.

Ine pano sindibisa maganizo anga. Uphungu umenewu ndi woopsa chifukwa ulibe potulukira. Mutu ukaleka, akuti mwapambana, pitirizani. Ukakula, akuti nkhondo yakula, pitirizani. Palibe chimene thupi linganene chimene chingamveke ngati "imani". Munthu wa shuga akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pa kusala, ambiri tsopano timadziwa kuti timpatse chakudya msanga. Wa ching'alang'ala ululu wake suoneka ndi maso, ndiye timaupatsa tanthauzo lililonse limene tafuna.

Kuti athe kuphunzitsa, alamu anayamba kudalira mapiritsi a pagolosale. Anadziuza kuti mankhwala si chakudya, choncho ankameza bulufeni m'mawa m'mimba muli mbee, ndi kadontho ka madzi kongotsitsira. Madzulo asanadye ankamezanso ena, aja osakaniza asipilini, panado ndi kafeini. Masiku 21 anatha, kuphiri anapita, anabwerako atanyamulidwa m'mapewa. Aliyense ankayembekeza kuti akayamba kudya zonse zibwerera m'malo. Sizinatero. Mutu umene kale unkabwera kamodzi kapena kawiri pa mwezi tsopano unkawadzutsa pafupifupi m'mawa uliwonse, wosalasa kwambiri koma wosachoka, ndipo m'chikwama mwawo mapiritsi sankasowa.

Msampha umenewu ngodziwika bwino kwa madokotala. Munthu wa ching'alang'ala akamamwa panado, asipilini kapena bulufeni masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, kapena mapiritsi osakaniza aja masiku 10 kapena kuposa, kwa miyezi yopitirira itatu, mankhwala omwewo amasanduka gwero la mutu. Mphamvu yake ikatha mutu umabwerera, munthu amamezanso, basi gudumu layamba kuzungulira. Ndipo asipilini ndi bulufeni ali ndi mlandu winanso: amafooketsa chitetezo cha khungu la m'kati mwa chifu. Alamu anayamba kumva kutentha pa chifuwa, anati ndi nyemba. Chimbudzi chinayamba kuda bii, sanauze munthu. Tsiku lina chakumapeto kwa Epulo, akulemba pa bolodi, anaona mdima n'kugwa pamaso pa ana. Kuchipatala anawapeza ndi zilonda za m'mimba zimene zinkatulutsa magazi pang'onopang'ono, magazi m'thupi atachepa kwambiri.

Dokotala amene anawaona atatsala pang'ono kutuluka anachita chinthu chimene panalibe anachitapo m'zaka zonsezo: anakhala pansi n'kufunsa za mutuwo kuyambira pachiyambi. Atamva za timizere tong'anima anasiya kulemba.

"Mayi, mukulera ndi njira yanji?"

"Mapiritsi, adokotala. Akumwa tsiku ndi tsiku aja."

Anawasintha njira tsiku lomwelo. Mayi amene mutu wake umayamba ndi zong'anima m'maso sayenera kumwa mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen, chifukwa ziwirizi zikakumana zimakweza mpata wa sitiroko. Malangizo a bungwe la World Health Organization amanena zimenezi mosapita m'mbali, ndipo njira zina zolera zilipo zambiri. Alamu anali atamwa mapiritsiwo zaka, popanda wowafunsa za mutu, iwonso osaganiza kuti nkhani ziwirizi zikukhudzana.

Kenaka anawauza kuti agule kope la masamu lija lotchipa, ajambule mizere, ndipo tsiku lililonse alembe nthawi imene agona ndi kudzuka, nthawi imene adya, makapu a tiyi, tsiku la kumwezi, zimene zawavutitsa maganizo, mutu ngati wabwera, ndi piritsi lililonse limene ameza. Mapiritsi a pagolosale anawaletsa, atawachenjeza kuti masabata oyamba mutu ukula usanayambe kuchepa, ndipo unakuladi. Anawapatsa amitriptyline wakumwa usiku uliwonse, mmodzi mwa mankhwala akale otchipa oteteza kuti mutu usamabwere pafupipafupi. Wina wotero ndi propranolol, koma ameneyo sapatsidwa kwa munthu wa mphumu. Awa ndi mankhwala olemberedwa ndi dokotala, osati opemphana pa mpanda.

Patapita miyezi kopelo linayamba kulankhula. Mutu unkakonda masiku amene alamu athamangira kusukulu osadya kanthu, masiku awiri asanayambe kumwezi, tsiku lotsatira maliro kapena mchezo, ndi Loweruka loyamba akatsekera sukulu. Ziwiri mwa zimenezi zikagundana, kudwala kunali kosakayikitsa. Zina sakanatha kuzisintha. Koma phala la m'mawa akanatha, botolo la madzi pa tebulo la m'kalasi akanatha, ndipo buku la banki m'khonde analipereka kwa wina pa msonkhano wotsatira, ngakhale amayi ena anang'ung'udza.

Chimene chinawavuta koposa chinali kukauza abusa awo kuti chaka chotsatira sadzasala monga ena. Ankaopa kuoneka ofooka m'chikhulupiriro. Abusawo anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anafunsa, "Nanga mayi, bwanji simunanene?" Sananene chifukwa sanamvepo munthu akunena. Chilengezo cha kusala chinkaperekedwa kwa mpingo wonse mofanana, ndipo amene ankapatsidwa mpata woimirira kutsogolo ndi okhawo amene amaliza masiku onse.

Chonsecho zipembedzo zimene zakhala zikusala kwa zaka mazanamazana zinaganizira kale za wodwala. M'Chisilamu, Qur'an yomweyo imene imalamula kusala m'mwezi wa Ramadan imalola wodwala ndi wapaulendo kumasula n'kudzabweza masikuwo nthawi ina, ndipo amene matenda ake ngosatha amadyetsa wosauka m'malo mwake. Mu Mpingo wa Katolika lamulo la kusala limagwira masiku awiri pa chaka, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka 18 mpaka 59. Munthu amadya kamodzi mokhuta ndi kawiri pang'ono, madzi saletsedwa, ndipo odwala sawerengedwa. Ayuda nawo amaika moyo wa munthu patsogolo pa kusala kwa Yom Kippur. Wodwala amene wamasula sanabe kanthu, watsata zimene zinaikidwa kale.

Ngati muli ndi mutu umenewu ndipo mwatsimikiza mtima kusala, konzekerani masabata awiri zisanayambe. Chepetsani tiyi, khofi ndi zakumwa za kafeini pang'onopang'ono, kuti tsiku loyamba lisakhale tsiku losiya zonse. Ngati kusala kwanu kumalola madzi, imwani. Ngati sikulola, imwani okwanira pakati pa kumasula ndi m'bandakucha, ndipo chakudya cha m'bandakucha musachidumphe: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, nyemba kapena dzira zimakhalitsa m'mimba kuposa buledi woyera ndi zotsekemera. Musaphatikize kusala ndi kuchezera usiku wonse sabata imene muli pa mpanipani wa kuntchito kapena mukuyandikira kumwezi. Ngati mumamwa mankhwala oteteza, kambiranani ndi dokotala za nthawi yomwera. Ndipo gwirizanani ndi mtima wanu pasadakhale kuti zong'anima zikayamba mumasula, chifukwa mankhwala a ching'alang'ala amagwira bwino akamwedwa mutu ukangoyamba, osati mutapirira mpaka dzuwa kulowa.

Pali kusala kwina kumene sitikutchula dzina limeneli. Mayi wa geni amene amafika pa msika m'mamawa n'kudzalawa kanthu 3 koloko, mnyamata wa kabaza amene amaopa kudya phindu, wophunzira wa Fomu 4 amene amawerenga usiku wonse ndi khofi, mtsikana amene wasiya kadzutsa kuti achepetse thupi: ubongo sufunsa chifukwa chimene simunadyere. Pamene ndalama ili yochepa, kudya pang'ono katatu kumathandiza mutuwu kuposa kudya kwambiri kamodzi. Nthochi imodzi ndi mtedza wodzaza dzanja pakati pa m'mawa si zinthu zapamwamba.

Musatchulenso mutu uliwonse kuti ndi ching'alang'ala kapena ndi njala. Mutu wobwera mwadzidzidzi ndi ukali umene simunaumvepo, mutu wa limodzi ndi kutentha thupi kapena khosi louma gwa, wobwera ndi kufooka kwa mkono kapena mwendo, pakamwa kupotoka, kulankhula mosamveka kapena kukomoka, mutu woyamba munthu atapitirira zaka 50 kapena atamenyetsa mutu, mutu wa mayi woyembekezera, ndi mutu wosatha kwa munthu amene ali ndi HIV, yonseyi njofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo, meninjaitisi, BP ya pa mimba ndi sitiroko siziyembekeza kuti masiku a kusala akwane.

Kwa inu abusa, mashehe ndi atsogoleri a magulu a mapemphero, pempho langa ndi laling'ono. Tsiku limene mukulengeza kusala, nenani pa guwa pomwepo, ndi mawu okweza ofanana, kuti odwala shuga, zilonda za m'mimba, ching'alang'ala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi onse amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayambe aonana ndi dokotala, ndipo akamasula asadzione olakwa. Musadikire kuti abwere okha kudzapempha chilolezo, chifukwa ambiri sadzabwera.